Phulusa la phiri lophulika likatseka njira za ndege: ndidalire sitima kapena galimoto?

Nabanda: Ndikukonza ulendo wochoka ku London kupita ku Paris, kenako ku Milan, ndipo mtima wanga sukukhazikika ndikakumbukira mwezi wa Epulo 2010, pamene phulusa la phiri la Eyjafjallajökull ku Iceland linalepheretsa maulendo a ndege pafupifupi 100,000. Kodi ndigule tikiti ya ndege, kapena ndikwere sitima yapamtunda, kapenanso ndichite hayala galimoto?

Achisale: Mayi Nabanda, nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa phulusali si lofanana ndi la nkhuni. Ndi tizidutswa ta miyala ndi magalasi timene timasungunuka tikalowa mu injini yotentha, kenako n'kuuma n'kutseka njira za mpweya. Mu 1982 ndege ya British Airways inazima injini zonse zinayi italowa mu phulusa la phiri la Galunggung ku Indonesia, ngakhale kuti inatera bwino ku Jakarta. Komabe malamulo anasintha pambuyo pa 2010, moti tsopano amayang'ana kuchuluka kwa phulusa m'malo mongotseka mlengalenga monse. Phiri la Grímsvötn, la ku Iceland komweko, litaphulika mu 2011, maulendo amene analephereka anali pafupifupi 900 okha. Musaithawe ndege chifukwa cha mantha okha.

Nangondo: Ine pa gawo la London ndi Paris ndingasankhe sitima ngakhale kulibe phulusa, popeza sitima ya Eurostar, yomwe imayenda pakati pa mizinda iwiriyi, imatenga maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20, ndipo imakutsitsani pakati penipeni pa mzinda. Vuto ndi lakuti ndege zikangoima, aliyense amathamangira kusiteshoni, mipando n'kutha msanga, monga zinachitikira mu 2010. Choncho gulani tikiti yosinthika tsiku nthawi ikadalipo. Ku Milan pitani pa ndege, podziwa kuti lamulo la European Union la nambala 261/2004 limakakamiza kampani kukubwezerani ndalama kapena kukupezerani ulendo wina, komanso kukupatsani chakudya ndi malo ogona pamene mukudikira. Chipukutamisozi chokha ndiye musachiyembekezere, poti kuphulika kwa phiri si mlandu wa kampani.

Achisale: Za galimoto ndinaiwala. Kuibwereka m'dziko lina n'kukaisiya m'dziko lina kumakhala ndi mtengo wowonjezera, kawirikawiri wokwera kwambiri, ndipo nazonso zimasowa pa nthawi ya chipwirikiti. Ndingaiganizire pokhapokha mutakhala anthu atatu kapena anayi ogawana ndalamazo.