Mphaka wochokera ku Portugal: zilonda za kumutu sizikupola

Nachisale (Lilongwe): Madokotala a ziweto anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mphaka wamphongo wa zaka 7, wofulidwa. Eni ake anabwera naye kuchokera ku Algarve, ku Portugal, chaka chatha. Ali ndi tizotupa tolimba pa zikope ndi m'mphepete mwa khutu, ndipo chilonda cha pamphuno chikungonyeka. Diso lamanzere lachita mtambo. Mwanabere wa pansi pa chibwano watupa, ndipo waonda ngakhale akudya. Kumene anayamba kupita anamupatsa amoxicillin kawiri, kenako prednisolone, steroid yophwetsa kutupa koma yotsitsa chitetezo cha m'thupi. Akuti kutupa kunaphwa sabata imodzi, n'kubweranso moposa kale. Chipere ayi, ndayang'ana. Ndikuganiza za khansa ya pakhungu, koma imeneyo imakonda amphaka oyera, pomwe mphakayo ndi wakuda bii.

Phiri (Leeds): Achemwali, mwatchula Algarve ndangoti leishmaniasis. Kuno timaiona kawirikawiri mwa agalu otengedwa ku Spain, Portugal ndi Greece. Mwa amphaka ndi yosowa, koma ilipo, ndipo imakonda malo omwe mwatchulawo: zikope, makutu, mphuno, ndi uveitis (kutupa kwa m'kati mwa diso). Kachilombo kake ndi Leishmania infantum, kamafala ndi tintchentche ting'onoting'ono toluma madzulo, sandfly. Musanamizidwe n'zoti watha chaka ali ku Malawi. Kamatha kukhala phee m'thupi miyezi, ngakhale zaka, n'kudzaonekera chitetezo chikatsika. Prednisolone ija ndiye inangokapatsa mpata. Muisiyitse, koma mochepetsa pang'onopang'ono.

Mbewe (Johannesburg): Ndikugwirizana nawo a Phiri, koma valani kaye magolovesi mpaka mutadziwa. Afunseni ngati mphakayo sanakhaleko ku Brazil kapena kukhala ndi amphaka a kumeneko. Sporotrichosis, nthenda ya fangasi yofala mwa amphaka a kumeneko, imapanga zilonda zofanana ndendende pamphuno, ndipo imeneyo mumaitenga inu nomwe akangokukandani.

Nachisale: Ndawafunsa, akuti ku Brazil sanapiteko. Ndiye ndiyambe allopurinol, mankhwala a leishmaniasis aja?

Tembo (Chipata): Ayi mwanawe, usanayambe mankhwala uone kaye chilombocho ndi maso ako. Tenga singano ya 23G, baya mwanabereyo ndi kachotupa kamodzi kosaphulika, upake pa silaidi mopyapyala, uike utoto wa Giemsa. Yang'ana pa maikulosikopu ndi oil immersion m'kati mwa ma macrophage, maselo oyera omeza tizilombo. Ma amastigote, tizilomboto tikakhala m'maselo, ndi timibulu tating'ono, kalikonse kali ndi nucleus ndi kadontho kena kooneka ngati kandodo pambali pake, kinetoplast. Kandodoko ndiye umboni wako. Sporothrix, fangasi ya sporotrichosis ija, ilibe kandodoko, imaoneka yotalikirapo, nthawi zambiri yozunguliridwa ndi mzere woyera. Pa chilonda chonyeka usatengepo, ungopeza mabakiteriya n'kusokonezeka. Silaidi yoyamba ikakhala yopanda kanthu usafulumire kunena kuti palibe, panga zingapo.

Nachisale: Zikomo bambo Tembo. Ndapanga masilaidi anayi. Wa mwanabere sunaonetse zambiri, koma wa pa chikope ma macrophage adzaza thothotho, kinetoplast ikuoneka bwino. FIV (kachilombo kotsitsa chitetezo cha amphaka) yatuluka positive, FeLV (ka khansa ya m'magazi ya amphaka) negative. PCV (kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi) yatsika kufika 22, ma globulin (mapuloteni a m'magazi) akwera kwambiri, creatinine (yoonetsa mmene impso zilili) ili bwino.

Phiri: Basi ndi imeneyo. FIV ikufotokoza chifukwa chake wadwala pomwe amphaka ambiri a kumeneko amalumidwa osadwala. Allopurinol 10 mg/kg kawiri pa tsiku, kapena 20 mg/kg kamodzi. Eni ake muwauze poyera kuti ndi mankhwala a miyezi yambiri, amaletsa kachilomboko kuswana koma sakatha, ndipo akasiya msanga matenda amabwerera. Yezani mkodzo panopa, makamaka puloteni, chifukwa matendawa amapha kudzera ku impso, ndipo allopurinol amatha kubweretsa timiyala ta xanthine. Diso lokha mungathe kudonthezera steroid mutatsimikiza ndi utoto wa fluorescein kuti m'disomo mulibe chilonda.

Mbewe: Ndiwonjezere ziwiri zimene zimandidetsa nkhawa, chifukwa eni ziweto amawerenga za agalu pa intaneti n'kukagula okha. Miltefosine yamadzi ya agalu, mankhwala ena a leishmaniasis, ili ndi propylene glycol, yomwe imaononga maselo ofiira a mphaka. Ndi PCV ya 22 musayerekeze. Chachiwiri, permethrin. Kwa galu ndi yabwino pothamangitsa sandfly, kwa mphaka ndi poizoni: amanjenjemera, kugwa khunyu, ena kufa. Ngakhale kungogona pamodzi ndi galu wongopakidwa kumene n'koopsa. Kolala ya deltamethrin nayonso ndi ya agalu okha. Imene imaloledwa kwa mphaka ndi ya imidacloprid ndi flumethrin, monga Seresto.

Nachisale: Eni ake galu ali naye, anabwera limodzi ndi mphakayo. Komanso ali ndi mwana wa miyezi 10, ndiye mayi ake akuchita kulira, akufunsa ngati tingomupha mphakayo.

Tembo: Usamuphe. Mwanayo sangatenge pomugwira kapena pomusisita, pafunika sandfly pakati. Koma usapeputsenso. L. infantum kwa anthu imagwira kwambiri ana aang'ono ndi amene chitetezo chawo chatsika, monga omwe ali ndi HIV, ndipo imatupitsa kapamba ndi kutenthetsa thupi kwa masabata, zimene kwathu kuno aliyense angazitche malungo. Ofufuza ku Italy ndi ku Brazil anaonetsa kuti sandfly ikaluma mphaka wodwala imatenga kachilomboko. Ndipo mu 2021 kuno ku Zambia anapeza L. infantum mwa agalu amene sanatulukeko m'dziko, ndiye tisamaone ngati ndi nkhani ya ku Ulaya yokha. Mphakayo avale kolala, azigona m'nyumba kuyambira dzuwa likamalowa, mwanayo azigona m'neti yonyikidwa m'mankhwala. Galuyo umuyeze ngakhale akuoneka wonenepa, agalu ndiwo amasunga kwambiri kachilomboka. Ukadziwitsenso a zaziweto a boma, matendawa ali pa mndandanda wa WOAH, bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse.

Nachisale: Ndamva bambo. Allopurinol ndayamba lero, mkodzo ndatenga, galu abwera naye Lachinayi. Mawa ndipita ndi masilaidi ku Central Veterinary Laboratory ku Bwemba, ndikafunsenso za PCR, kuyeza kofufuza DNA ya kachilomboko. A Phiri, sampulo ya PCR nditenge ya magazi kapena ya chotupa?

Phiri: Ya chotupa kapena ya mwanabere. M'magazi kachilomboko kamakhala kochepa, mutha kutaya ndalama za eni ake n'kulandira negative yabodza.