Kodi Utoto wa Madzi Umavuta Chifukwa Chiyani?

Wofunsa: Akuluakulu, ndayamba kujambula ndi utoto wosungunula ndi madzi, uja amati watercolor, koma pepala limakwinyika ndipo mitundu imalowererana mpaka chithunzi chonse kuoneka ngati matope. Kodi vuto ndi dzanja langa kapena utotowo?

Woyankha woyamba: Yambani mwaona pepala lanu, chifukwa pepala wamba silipirira madzi. Funani lochindikala, la magalamu 300 pa sikweya mita, makamaka lopangidwa ndi thonje. Dziwaninso kuti utotowu subisa zimene zili pansi pake, motero mtundu woyera ndi pepala lenilenilo, ndipo muyenera kuyamba ndi mitundu yowala, yakuda pambuyo, popeza pamene mwadetsa mpovuta kuyeretsanso.

Woyankha wachiwiri: Matopewo amabwera mukamabwerezabwereza burashi utoto woyamba usanaume. Komabe ine ndimaukonda chifukwa cha kusamvera kwake komweko: mukanyowetsa pepala n'kudontheza utoto, umayenda wokha n'kupanga mitambo imene dzanja silikanatha kuilinganiza. Ofatsa amauweta ndithu. Albrecht Dürer anaugwiritsa ntchito pojambula kalulu wake wotchuka mu 1502.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Ndaona kuti ndinkapupuluma, ndiponso pepala langa linali la m'kope.