Chiliza cha agogo kapena mjigo wa pasukulu?

Mlembi: Moni nonse a kwathu. Zikomo chifukwa cha mmene munagwirira maliro a agogo. A ku Joni, ya pa Mukuru ija inafika thupi lisanachoke kumochale ku Dedza. Titalipira bokosi, galimoto ndi ufa, pali ndalama yotsala. Abanja akuti chiliza, ena mwandiimbira kuti tikonzetse mjigo wa pasukulu. Tiyankhule pano, osati kumbali.

Azakhali a ku Area 25: Ana inu, amene agona pajapo ndi bambo anga. Mtumbira wa dothi mvula ziwiri zokha watitimira, mawa zidzukulutudzi zidzaloza pati? Ndalamayo inabwera ngati chipepeso, sinali ya chitukuko.

Mdzukulu wa ku Joni: Azakhali, pepani, sindikukutsutsani. Ine sindinaponye nawo dothi, maliro ndinaonera pafoni ndili kuntchito, ndipo zikundiwawabe. Koma ndikatseka maso sindikuona manda. Ndikuwaona agogo atagwada pamjigo paja, malaya atapinda, sipanala yawo yokulungidwa m'kachitenje kakale, akutiuza anyamata kuti tizule ndodo imodziimodzi n'kuziyala pa udzu kuti zisagwire mchenga. Labala ikatha ankapalasa njinga mpaka pa Linthipe kukasaka ina. Kukana kugwira ndodo, tsiku limenelo nzimbe zawo sulawa.

Aphunzitsi opuma: Zoona zimenezo. Ndipo kope la komiti ankalisunga m'Baibulo mwawo, pakati pa Masalimo, ati wakuba ndalama ya madzi ayambe wadutsa pamenepo. Chiyambire kudwala kwawo mjigo uli chiimire. Ana akumwa kudambo. Mwaiwala kolera wa 2022 mpaka 2023? Anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Msungichuma: Ndiikepo za ndalama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi zitsulo sizinabwererenso pansi. Yotsalayi singakwanire zonse ziwiri, tisanamizane. Komanso sitikudziwa chafa n'chiyani. Pampu ya mjigo wathuwu, ya mtundu wa Afridev, ikangotha malabala ndi mabushi, n'zotchipa. Koma ngati mapaipi a pansi anang'ambika, kapena madzi anathawa, ndiye nkhani ina. Paja pampu imeneyi imakoka mpaka mamita 45 basi.

Azakhali a ku Area 25: Ndiye mukufuna kutaya ndalama ya maliro m'dzenje losadziwika?

Malume a kumudzi: Alongo, mtima pansi. Chiliza sitimanga dothi lisanakhazikike, mukudziwa inunso. Tikathira simenti lero chidzang'aluka dzinja lomwe lino. Mvula idutse kaye, tikolole, ndiye tidzaitane abale tonse. Mbuzi ya tsikulo ndi yanga. Mjigo ndiye sungadikire, ndipo nyengo yotentha ino ndi yabwino kuyeza, chifukwa madzi ali pansi penipeni.

Mdzukulu wa ku Joni: Simenti ya chiliza ndilembeni ine, amalume. Mlembi sungani uthengawu, mudzandikumbutse pagulu pompano ndikadzayamba kuzemba.

Azakhali a ku Area 25: Malonjezo a ku Joni timawadziwa. Njinga ya agogo ako unalonjeza matayala, anamwalira akuyenda pa zigamba.

Mdzukulu wa ku Joni: Mwandilasa pamtima, azakhali. Sindikana.

Aphunzitsi opuma: Tikakonza, dzina lawo tilembe pa simenti ya pamjigo ikadali yaiwisi. Amayi azidzaliwerenga m'mawa uliwonse.

Azakhali a ku Area 25: Dzina la bambo anga lizipondedwa ndi zidebe ndi matope? Ayi. Mjigo konzani, koma dzinalo lidikire chiliza. Ndipo theka la ndalamayo lisakhudzidwe, ndikufuna kuliona pa Mpamba wa gulu.

Mlembi: Ndalemba. Loweruka ndikauza amfumu ndi a VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ija, ndipo makaniko wa mijigo wa dera lathu abwere adzazule tione. Amalume, sipanala ija ili kuti?

Malume a kumudzi: Agogo aakazi anaiika pansi pa pilo. Akuti aipereka okha, pamjigo pomwepo, kwa amene ati agwire ndodo yoyamba.