Goloboyi wanga akumufuna ku bonanza, ndilole kapena ndikanize?

Kochi wa ku Kawale
Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndili ndi kankhani kandivuta nde ndati ndifunse inu a ntchito imodzi. Ndimaphunzitsa timu ya atsikana ya Under 16, goloboyi wanga ali ndi zaka 14 koma ndi wamtali ndipo mipira ya m'mwamba amatola bwino kwambiri. Kochi wina wa cha ku Mitundu wandiimbira dzulo kuti ndiwabwereke mwanayu Loweruka ndi Lamlungu akawagwirire ku bonanza, akuti kipa wawo wapita kumudzi ku maliro, thiransipoti alipira okha, nsima adyera komweko ndipo akawina amupatsako kangachepe. Ife weekend ino tilibe gemu, ya ligi ili Lachitatu. Mwanayo akufunitsitsa, mayi ake akungoti zili kwa inu akochi. Inu mumatani zikatere?

Mdala wa pa Chilomoni
Achimwene musayerekeze. Palibe kochi amabwereka mwana wa mnzake chifukwa cha maliro, ameneyo anamuona kale akugwira penapake nde akufuna amuone pafupi. Lero bonanza, mawa amugulira mabutsu, mkuja mumva kuti walembetsa kwawoko ndipo mayi ake omwewo adzakuuzani kuti kumeneko amamusamala. Ine ana anga sapita kukasewera ganyu, amene wapita amakhala pa benchi magemu awiri, basi.

Madam a PE
Bambo a ku Chilomoni ndimakulemekezani koma lamulo lanulo ana anu amalitsata pamaso panu pokha kkkk. Ine ndili pa sukulu ndimaona, atsikana omwe makochi awo amakaniza ndi omwewo Lolemba amabwera akutsimphina ndipo sanena kuti avulalira kuti chifukwa akuopa benchi, nde bondo lotupa amalibisa mu siketi sabata yonse mpaka lafika poipa. Kukaniza sikuletsa mwana kupita, kumangochititsa kuti apite mobisa, yekhayekha, pa kabaza wa munthu amene simukumudziwa. Bola adziwe kuti akapempha mumalola nthawi zina, ndiye kuti adzipempha.

Mdala wa pa Chilomoni
Madam, inu ana mumawapeza mkalasi mwaulere. Ife timayenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti mtsikana asiye kutunga madzi abwere ku pulakatisi, mipira timagula ndi ndalama ya mthumba, zaka zitatu ukumuphunzitsa kugwa osathyoka dzanja, nde wina angobwera ndi K5,000 nkumutenga? Ayi.

Oyimbira wopuma, Mzuzu
Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri chifukwa tikusakaniza. Pali mpikisano wovomerezeka, wa pansi pa FAM kapena komiti ya ligi ya achinyamata, ndiye pali ma bonanza awa a anthu ofuna ukhansala ndi u MP amene anachuluka zedi chisankho cha 2025 chili pafupi. Pa mpikisano wovomerezeka nkhani ya kubwereka kulibe. Lamulo la FIFA limati wosewera amalembetsedwa ku timu imodzi pa nthawi imodzi, mu sizoni imodzi atha kulembetsa matimu osapitirira atatu koma magemu ovomerezeka amasewerera awiri okha, ndipo kusamukako kumakhala kolemba osati pa foni. Mukamupereka kuti akasewere chikho chovomerezeka ndi dzina la munthu wina kapena kadi ya wina, timu inayo ikachita apilo amalandidwa mapointi ndipo mwana wanu ndi amene dzina lake limada. Bonanza ya pa bwalo la sukulu ilibe zonsezi, nde mwa malamulo simulakwa, koma dziwaninso kuti ilibe wokutetezani. Akathyoka kumeneko palibe komiti yoti mukadandauleko.

Funso langa kwa a Kawale, mwanayu munamulembetsa mu Mpira Connect, kaundula wa osewera wa FAM uja, kapena ali mu kope lanu chabe?

Kochi wa ku Kawale
Analembetsedwa bwana, chiphaso chake chobadwira tinapereka.

Oyimbira wopuma, Mzuzu
Nde mantha a mdala athu achepako pamenepo. Ndimanena izi chifukwa mpira wa atsikana si wamasewera ngati kale, onani Tabitha Chawinga wafika ku Lyon, mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 mu 2024 ku Kansas City Current mpaka kukhala wosewera wabwino koposa mu ligi ya ku America, ma Scorchers, timu yathu ya dziko ya amayi, anatenga chikho cha COSAFA mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo. Mwana akadzagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina pamakhala 5% ya ndalamayo yomwe imagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23, koma amayang'ana zolembedwa, sayang'ana kuti ndani anamugulira mabutsu oyamba. Amene amaberedwa ana kwenikweni ndi amene salembetsa, osati amene amabwereketsa weekend imodzi.

Mlongo wanu ku Indiana
Ndilowererepo ngakhale masewero ake ndi ena. Kuno ku America mwana wanga amasewera softball, masewero oponya kampira wina nkukamenya ndi ndodo, ndipo ine ndimathandizira kochi wa timu yawo ya 14U (zaka 14 kutsika m'munsi), ndi matimu aja oyendayenda weekend iliyonse kukasewera ma tournament, Loweruka magemu a m'magulu Lamlungu achipulula. Mkangano womwewu uliko ndipo makochi amakwiyirana zenizeni. Amawatcha ma guest player kapena pickup, ndipo amene amafunidwa kwambiri ndi pitcher (woponya) ndi catcher (wowakha), ofanana ndi goloboyi wanuyo, malo oti timu ikasowa munthu singasewere nkomwe. Kusiyana kwake nkwakuti kuno mabungwe ngati USSSA anaziika mmalamulo, mwana amalembedwa ngati mlendo pa tournament imeneyo, zaka zake zimaonedwa, ndipo sangakasewerere ena pa mpikisano womwe timu yake ilimo. Makochi okaniza alipo, chifukwa chawo ndi chomwecho cha bambo a ku Chilomoni, akuti guest wa mu June ndi amene umamupeza pa ma tryout osankha osewera atsopano a timu inayo mu August. Ndipo zimachitikadi. Koma zomwe ndaona ine nzakuti mwana wosangalala pa timu yake amapita nkubwerako, amene sabwerera ndi uja anali kale pa benchi kapena makolo ake anali atayamba kale kuyang'ana kwina, guest inangofulumizitsa. Chomwe ife timakanira kwambiri ndi pitcher, chifukwa mu softball ya ma tournament ambiri mulibe malire a kuponya, timu yobwerekayo imamuponyetsa magemu onse a tsikulo poti si mwana wawo, phewa likadzapweteka lidzapwetekera kwa ife. Nde kochi wathu amalola koma amanena yekha kwa kochi winayo kuti magemu angati.

Madam a PE
Asisi mwanena mfundo. Wobwereka sasamala. Ku bonanza mwana amatha kusewera magemu atatu tsiku limodzi dzuwa lili pamutu, bwalo lake la miyala, madzi akumwa kulibe.

Wa physio, Zomba
Ndiwonjezere za thupi. Atsikana a msinkhu uwu mtsempha wa mkati mwa bondo uja timati ACL umaduka kawirikawiri kuposa anyamata, makamaka potera akadumpha kapena potembenuka mwadzidzidzi mwendo uli wotopa, ndipo ukaduka ndi nkhani ya opaleshoni ndi miyezi 9 kapena kuposa asanabwerere mu bwalo, kwathu kuno ambiri amangosiyiratu mpira. Goloboyi sathamanga kwambiri zoona koma amagwera pansi pouma ndipo amagundidwa. Ngati gemu yanu ili Lachitatu ine ndikanati Lamlungu asasewere, kapena asewere imodzi yokha ya mmawa, Lolemba apume, Lachiwiri zopepuka. Ndipo muuzeni azichita yekha ma warm up ochepetsa kuvulala aja a FIFA 11+ ngati munawaphunzitsa, ku ma bonanza amangotsika lole nkulowa mu bwalo. Funso lomwe simunafunse kochi winayo ndi lakuti akavulala amutengera kuchipatala ndani, pa chani, ndipo X-ray alipira ndani. Funsani pa meseji osati pongoimba foni kuti yankho likhale lolembedwa.

Madam a PE
Ndipo china chomwe abambo simukuchitchula. Uyu ndi mtsikana wa zaka 14, bonanza ndi ya masiku awiri, agona kuti? Ndi ndani? Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mayi akanena kuti zili kwa akochi ndiye kuti chilichonse chikachitika usiku umenewo mudzayankha ndinu a Kawale, osati wa ku Mitundu uja. Ine mwana wamkazi sapita popanda munthu wamkulu wamkazi wochokera kwathu, kaya mayi ake, kaya azakhali, kaya matron wa timu, ndipo thiransipoti ya munthu ameneyo ilipiridwe ndi obwerekawo. Akati ndalama sizikwana anthu awiri basi nkhani yathera pomwepo. Kuchoka Kawale kupita Mitundu si ulendo woti mpaka kugona, apite mmawa abwere dzuwa lisanalowe. Ndalama ya "kangachepe" ija isaperekedwe mmanja mwa mwana ndi kochi wachimuna, ipite pa Mpamba kapena Airtel Money ya mayi ake. Zikumveka ngati kukhwimitsa koma atsikana ambiri amayamba kusokonezedwa ndi timphatso totere.

Mdala wa pa Chilomoni
Pa za kugona ndi ndalama ndagwirizana nanu Madam, mwalasa. Koma ndikufunsenibe, nanga ana enawo mu timu? Akaona kuti goloboyi wabwera ndi ndalama ya sopo Lolemba onse afuna ganyu, Loweruka lomwe mwakonza pulakatisi mupeza ana 6. Timu imatha choncho.

Kochi wa netball, Chinsapo
Mdala izi ife ku netball tinazolowera, shooter wabwino amafunidwa paliponse. Chomwe tinachita tinakhala pansi ndi makolo kumayambiriro kwa sizoni nkugwirizana poyera kuti timu yako ndiye yoyamba, tsiku la gemu kapena pulakatisi yathu supita kwina, pempho limabwera kwa kochi kuchokera kwa kochi osati kudzera pa foni ya mwana, kamodzi pa mwezi basi, nthawi ya mayeso palibe. Amene wajomba pulakatisi sabata imeneyo saloledwa. Mudabwa kuti zinathandiza ndi kujomba komwe chifukwa aliyense amafuna akhale woyenera tsiku lomwe adzapemphedwe. Ndipo nanenso ndimabwereka kwa omwewo ndikasowa, nde sitiberana chifukwa tonse tikudziwa kuti mawa tifunana. Uja woimbira mwana mwachindunji ine ndimamuyika pa gulupu la makochi kuti aliyense amudziwe, samabwerezanso.

A Kawale, wanuyo waimbira inu osati mwana, chimenecho chokha ndi ulemu, musamuyankhe mwamwano olo mukane.

Oyimbira wopuma, Mzuzu
Chinanso tisanaiwale, bonanzayo ndi ya zaka zingati? Palibe wafunsa.

Kochi wa ku Kawale
Ndamuimbiranso pompano ndi mafunso anu onse. Za munthu wamkazi womuperekeza wavomera, zobwera tsiku lomwelo wavomera, za chipatala akuti pali galimoto ya amene akuthandiza bonanzayo koma zolemba pa meseji anazengereza kaye kenako walemba. Koma za zaka, eee, akuti ndi open, aliyense wamkazi, muli ndi azimayi a ana awiri momwemo.

Wa physio, Zomba
Nde ayi. Wa zaka 14 pagolo, kona ikubwera, azimayi akuluakulu akudumphira pa iye, oyimbira wake ndi mnyamata wongotoledwa pa bwalo. Olo akhale wamtali mafupa ake sanakhwime.

Mdala wa pa Chilomoni
Mwaona? kkkk

Madam a PE
Musasangalale bambo, takana chifukwa cha zaka osati chifukwa cha benchi yanu ija. A Kawale mwanayo mukamuuze nokha chifukwa chake mayi ake ali pomwepo, ndipo mumulonjeze kuti ikadzapezeka ya msinkhu wake mudzamulola, apo ayi Loweruka mmawa adzadzuka nkupita yekha. Nambala ya kochi uja ali nayo?

Kochi wa ku Kawale
Alibe, ndafunsa. Ndipita kwawo madzulo ano. Kochi wa ku Mitundu ndamuuza za kipa wanga wakale amene anapyola zaka za timu yathu, ali ndi 19 pano ndipo alibe timu, amangobwera kudzathandiza ana pa pulakatisi. Wasangalala, akuti amutumizira ya minibasi Lachisanu. A netball a ku Chinsapo tanditumizireni ku inbox zomwe munagwirizana ndi makolo zija ndikaziwerenge pa msonkhano wathu wa mwezi uno.

Kochi wa netball, Chinsapo
Zili mu kope ku nyumba, ndijambula ndikaweruka. Muonjezeremo ya zaka ija, ife tinalibe.