Kodi concentrate ya mabuloila ndi yoyenera kugula, kapena tizingodalira chakudya cha m'thumba?

Mlimi wa ku Mponela: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Anapiye 100 a mtundu wa Cobb 500 akubwera, chimanga chilipo m'nyumba. Kusitolo kuli concentrate ya mabuloila, chakudya cha mapuloteni ambiri chija umasakaniza ndi chimanga chako. Ndi yogula imeneyi, kapena ndingotsata starter, grower ndi finisher wa kufakitale mpaka kugulitsa?

Amayi a ku Lunzu: Achimwene, masabata awiri oyamba musayerekeze n'komwe kusakaniza nokha. Gulani starter wa kufakitale, wa timibulu ting'onoting'ono uja. Anapiye 100 amadya thumba limodzi la makilogalamu 50 pa masiku 14, likaperewera ndi pang'ono chabe. Pa thumba limodzi mupulumutsapo chiyani? Mwanapiye amafika ali ndi magalamu 40 kapena 42, ndipo pa tsiku la 7 ayenera kulemera kanayi kapena kupitirira, cha m'ma 170 mpaka 190. Akapinimbira sabata imeneyo, ngakhale mudzamudyetse bwanji kutsogolo, sadzawapeza anzake. Tsiku loyamba thirani chakudya pa mapepala, ndipo pakatha maola 24 gwirani chithokomiro cha anapiye angapo. Chikhale chodzaza koma chofewa. Chikakhala cholimba ndiye kuti adya koma madzi sakuwapeza.

Bambo a ku Kasungu: Za starter ndikugwirizana nawo amayiwa. Koma ndalama zambiri zimapita kutsogoloku. Kuyambira tsiku la 15 mpaka 28 nkhuku 100 zimadya matumba ngati atatu a grower, kenako kuyambira 29 mpaka 42 matumba anayi kapena asanu a finisher. Apa ndi pamene concentrate imagwira ntchito. Zambiri amalemba kuti magawo awiri a concentrate, atatu a chimanga. Ndiye matumba awiri a concentrate kuphatikiza atatu a chimanga akukupatsani makilogalamu 250, omwe ndi matumba asanu a chakudya. Tengani cholembera: mtengo wa concentrate awiri, chimanga atatu, chigayo ndi mayendedwe, muyerekeze ndi finisher asanu. Miyezi yokolola, Meyi mpaka Julayi, kusakaniza kumatsika mtengo moonekeratu. Ine ndikuti gulani.

Achemwali a ku Zomba: Bambo, powerengera musaiwale kuti chimanga cha m'nyumba si chaulere. Chiikeni pa mtengo umene mungachigulitsire lero. Pofika Januwale ndi Febuluwale chimanga chikakwera, phindu mukunenalo limatha lonse. Chachiwiri, chosakaniza pakhomo chimakhala chaufa, pamene cha kufakitale chimapezeka cha mibulu. Nkhuku imadya mibulu msanga ndipo siitaya. Chaufa imasankha tizidutswa ta chimanga n'kusiya fumbi pansi pa chodyera, chonsecho m'fumbimo ndi mmene muli mavitamini, mchere ndi laimu. Zotsatira zake nkhuku zimakula mosiyana, zina makilogalamu 2.3 zina 1.6, ndipo zimachedwa ndi masiku angapo kufika pogulitsa. Masiku owonjezerawo zimadyabe.

Bambo a ku Kasungu: Vuto limenelo ndi la kagayidwe, achemwali. Osagaya ngati ufa wa nsima ayi. Auzeni a chigayo aike sefa ya mabowo akuluakulu, chituluke chokhakhala koma chofanana. Ndipo chodyera musamadzaze, chifike gawo limodzi mwa atatu, zimalize zonse ndi fumbi lomwe musanathire china. Mlomo wa chodyera uzikhala pa msinkhu wa msana wa nkhuku, muzikweza zikamakula.

Mlimi wa ku Mponela: Nanga nditati magawo atatu a chimanga, limodzi la concentrate, n'kuwonjezerako madeya kuti chichuluke?

Alangizi a ziweto: Apo ndiye pamene ambiri amagwera, bambo. Tiyerekeze kuti pathumba alemba mapuloteni 36 peresenti, ndipo chimanga chili ndi 8. Pa muyeso wa awiri kwa atatu mupeza 19 ndi kakang'ono, zomwe n'zoyenera finisher. Pa umodzi kwa atatu mutsika kufika 15. Buloila wa mtundu wa Cobb kapena Ross sangamange mnofu wa pachifuwa ndi 15. Adzadya kwambiri, aziunjika mafuta, nthenga zizimera mwapatalipatali. Madeya nawo ali ndi makoko ambiri, mphamvu zochepa poyerekeza ndi chimanga chathunthu. Amathandiza kwa nkhumba ndi nkhuku za chikuda, koma buloila wa masabata asanu ndi limodzi alibe nthawi yogaya makoko.

Muyese pa sikelo, osati ndi ndowa. Ndowa ya concentrate ndi ndowa ya mgaiwa sizilemera mofanana. Posakaniza, yalani chimanga chogaya pa simenti youma, muthire concentrate pamwamba, mutembenuze mulu wonse ndi fosholo kuchoka mbali ina kupita ina mpaka mtundu ufanane paliponse, kosachepera kanayi. Musakanize chokwana sabata imodzi kapena ziwiri basi.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi chuku. Chimanga chimene chinagona pansi kumunda, chosauma bwino, kapena chovunda chija anthu amati tipatse nkhuku, chimakhala ndi poizoni wa aflatoxin. Kugaya kapena kuphika sikumuchotsa. Amaononga chiwindi, nkhuku zimasiya kukula, ndipo katemera wa chitopa ndi gumboro sagwira bwino. Ngati chimanga chanu simungadye inuyo, nkhukunso musazipatse.

Amayi a ku Lunzu: Alangizi, muwauzenso za mankhwala a m'chakudya. Ambiri sawerenga kapepala kosokerera pathumba.

Alangizi a ziweto: Zoona amayi. Funsani ngati concentrate ili ndi mankhwala oteteza ku coccidiosis, matenda aja a zitosi za magazi amene amakonda kubuka sabata yachitatu mpaka yachisanu utuchi ukanyowa. Ngati mulibe, khola lizikhala louma kwambiri, makamaka pansi pa zomwera. Ngati alimo, onani masiku oyenera kusiya musanaphe nkhuku. Onaninso kuti ndi ya mabuloila. Ya nkhuku za mazira ili ndi laimu wambiri, imaononga impso za nkhuku zazing'ono.

Achimwene a ku Nkhotakota: Bwanji osaisiya concentrate yomweyo n'kugula soya ndi usipa? Kuno n'zosasowa.

Achemwali a ku Zomba: Zimatheka, koma si za munthu woyamba kumene. Soya wosakazinga amalepheretsa nkhuku kugaya mapuloteni, zimangotsekula m'mimba. Mukapsereza, mwaphanso lysine, mbali ya mapuloteni yofunika pomanga mnofu. Usipa ukapitirira makilogalamu 5 pa 100 nyama imayamba kumveka nsomba, ndipo sabata yomaliza ndi bwino kuuchotseratu. Pakufunikabe premix (ufa wa mavitamini ndi michere ina), methionine (mbali inanso ya mapuloteni), ndi mchere wa magalamu 300 okha pa makilogalamu 100. Tinthu toyesa m'magalamu timeneti n'tovuta kumwaza mofanana ndi fosholo. Pakati pa zimenezo ndi concentrate, bola concentrate.

Bambo a ku Kasungu: Ndiye mwafika kwanga, achemwali.

Achemwali a ku Zomba: Pa finisher pokha, bambo, komanso chimanga chikakhala chouma ndi chotchipa. Grower ndikanagulabe wa m'thumba, chifukwa mafupa amakhala akumangika ndipo miyendo ikapindika sabata yachitatu siwongokanso.

Amayi a ku Lunzu: Achimwene a ku Mponela, mukasankha zosakaniza nokha, musasinthe tsiku limodzi. Tsiku la 27 thirani magawo atatu a grower ndi limodzi la chatsopano, la 28 theka ndi theka, la 29 limodzi kwa atatu, kenako chatsopano chokha. Kuchoka pa mibulu kupita pa chaufa nkhuku zimanyanyala kudya. Sabata iliyonse muziyesa pa sikelo nkhuku 10 zongotola, tsiku lomwelomwelo, ndi kulemba. Madzi asasowe, zimamwa pafupifupi kawiri kulemera kwa chakudya. Zikakumana ndi kutentha kwa Okutobala, kwezani zodyera cha m'ma 10 koloko m'mawa, mubwezere cha m'ma 4 madzulo kukazizira, muziunikire usiku kuti zidye.

Mlimi wa ku Mponela: Ndamva. Starter limodzi, grower atatu, concentrate awiri. Chimangacho ndiyamba ndachipeta n'kuchiyanikanso. Sefa ya chigayo ndinene ya mamilimita angati?

Bambo a ku Kasungu: Ngati ali nayo ya 4 kapena 5 mamilimita, imeneyo. Agaye ndowa imodzi kaye muone m'manja musanapereke matumba onse.