Springbank 15 wachita mbuu mu tambula, abwana akuti ndathira madzi

Mphatso, Cape Town:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima pano. Dzulo usiku mlendo anaitanitsa matoti awiri a wisiki wa Springbank 15 ndi aisi. Pasanathe mphindi zitatu anabweza tambula, mowa utachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga kachiwiri. Akuti ndasungunula. Manejala watenga botolo kukalitsekera mu ofesi, ndipo akuti Lolemba tikambirana zodula malipiro anga. Botololo ndinatsegula ndekha sabata yatha. Zaka 6 ndili pa bala, sindinathirepo madzi m'botolo ngakhale dontho.

Thoko, Mangochi:
Pepani achimwene. Yambani mwaona tambula ndi aisi. Kuno tinavutikapo ndi sopo wotsalira m'matambula, ndiponso mashini a aisi akakhalitsa osatsukidwa amaononga chakumwa.

Mphatso:
Matambula ndimapukuta ndekha, achemwali. Aisi yemweyo ndinathira mu wisiki wina usiku wonse, palibe anadandaula.

A Gondwe, Glasgow:
Mphwanga, khazika mtima pansi. Mowawo ulibe vuto, ndipo iwe sunalakwe. Mu wisiki mumakhala timafuta tochokera ku balere ndi ku mgolo. Mphamvu ya mowa ikakhala 46% timafutato timasungunuka, sitioneka. Ukathira aisi, mowa umazizira komanso mphamvu imatsika, ndiye timafuta tija timaundana nkupanga kachifunga komwe mlendoyo anaona. Makampani ambiri amaziziritsa wisiki pafupifupi mpaka 0°C nkumusefa asanamuike m'botolo, cholinga azioneka mbee nthawi zonse. A Springbank sachita zimenezo, ndipo sathiramo utoto wa caramel. Ukawerenge pa lebulo ndi pa katoni mawu onena za chill filtering, komwe ndi kusefa kozizira kumeneku. Amasiya dala timafutato chifukwa ndi tomwe timapatsa mowa kulemera pa lilime.

Mphatso:
Ndamva bambo. Koma bwana wathu mawu okha samva, afuna kuona ndi maso.

A Gondwe:
Ndiye umuonetse. Upemphe botolo aliike pa tebulo, likhale kaye ola lathunthu pamalo osazizira. Muliyang'ane pa kuwala: likhala loyera. Ukanathiramo madzi okwanira kuti ubepo kanthu, botolo lonselo likanakhala kale ndi chifunga. Kenako matambula awiri oyera, ina theka la toti ya Springbank, ina theka la toti ya blend (wisiki wosakaniza) aliyense wa 40% wosefedwa. Madzi ozizira athire iye mwini, osati iwe. Ina ichita mbuu, ina ikhala momwemo.

Yamikani, Johannesburg:
Ndionjezeko apa. Ngati akanabe, kachipangizo koyezera mowa, alcoholmeter, kamapezeka m'mashopu a anthu ofulula mowa kunyumba. Muyeze mowa uli pa 20°C, kaonetsa pafupi ndi 46. Komanso yerekezani matoti olembedwa mu till ndi pomwe mowa wafika m'botolo. Botolo la 700 ml limatulutsa matoti 28 a 25 ml. Zimenezi muchite pali mboni, ndipo musasaine pepala lililonse lisanafike Lolembalo.

Thoko:
A Gondwe, tiuzeniko za kampaniyi. Alendo amafunsa chifukwa chake botolo losoŵa chonchi, ife timangomwetulira.

A Gondwe:
Ili ku Campbeltown, katauni ka m'mbali mwa nyanja kumapeto kwa dera la Kintyre ku Scotland. Kuchokera kuno ndi ulendo wa maola pafupifupi anayi pa basi. Inapatsidwa chilolezo mu 1828, ndipo banja la Mitchell ndi lomwe laigwira mibadwomibadwo. Kale katauniko kanali ndi malo otchezera wisiki opitirira 30. M'ma 1920 zinthu zinagwa: msika unafa, ku America analetsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, ena anaononga mbiri potcheza mothamanga. Pofika m'ma 1930 kunatsala awiri okha, Springbank ndi Glen Scotia. Springbank nayo inaimapo mu 1979 nkudzayambiranso kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu 2004 eni ake omwewo anatsegulanso Glengyle, yomwe wisiki wake amatchedwa Kilkerran.

Chomwe chinandigwira mtima nditapitako ndi chimera. Amanyika balere, nkumuyala pansi m'chipinda chachitali, anthu nkumamutembenuza ndi mafosholo kuti asagwirane mizu. Fungo lake linandikumbutsa chimera cha agogo chili pa mphasa. Malo ambiri masiku ano amagula chimera chopangapanga. Iwo chilichonse, kuyambira chimera, kutcheza, kusunga m'migolo, mpaka kuthira m'botolo, chimachitikira pamalo amodzi. Nchifukwa chake satulutsa wambiri. Pa miphika yomweyo amapanganso Longrow wa utsi wambiri wa peat (dothi la zomera zoola lomwe amayatsa poumitsa chimera), ndi Hazelburn wotcheza katatu wopanda utsi.

Nambala 15 ikutanthauza kuti dontho laling'ono kwambiri m'botolomo lakhala zaka 15 mu mgolo wa oak, ndipo wa 15 uyu amakhala m'migolo yomwe munali sherry, vinyo wa ku Spain. Chaka chilichonse pafupifupi 2% imauluka kudzera m'thabwa. Akalowa m'botolo sakulanso.

Yamikani:
Koma chonde tisamaphunzitse mlendo kamwedwe. Wafuna aisi, mpatseni. Ine ndimangonena ndisanathire kuti bwana, uyu ngosasefa, achita kachifunga akazizira. Ambiri amakondwa, ena amasintha nkupempha timadzi pambali.

Mphatso, Lolemba madzulo:
Zatheka akuluakulu. Madzi anathira yekha, tambula inachita mbuu iye akuona. Anabwereza kawiri. Matoti mu till anagwirizana ndi botolo, malipiro sadula, ndipo wandiuza ndilembe mzere umodzi pa menyu wofotokoza zimenezi. Chandidetsa nkhawa nchakuti botololo analigoneka mu kabati masiku atatu ngati vinyo.

A Gondwe:
Uliimike lero lomwe. Mowa wa mphamvu chonchi umadya koko wotsekera botolo ukamamukhudza nthawi yaitali, mapeto ake amanyenyeka potsegula. Masiku atatu si kanthu. Ulichotsenso pansi pa magetsi otentha a pa shelefu, ndipo likatsala pang'ono usalisunge miyezi yambiri, mpweya wa m'botolo umachepetsa fungo.