Ulendo wa ku Gubbio mu Meyi: ndifike tsiku la chikondwerero kapena ndilipewe?

Nabanda: Moni nonse. Ndikukonza zokaona Gubbio, tauni yakale ya m'chigawo cha Umbria ku Italy, ndipo ndamva kuti pa 15 Meyi kumakhala chikondwerero chachikulu. Kodi mlendo afike tsiku limeneli kapena adikire lidutse? Nanga sitima imafika? Mundiuzekonso za chakudya ndi malo oyendako wapansi.

Chimbalanga: Mayi Nabanda, sitima sifika. Siteshoni yapafupi ndi Fossato di Vico, pafupifupi makilomita 20, ndipo mabasi ochokera kumeneko amachepa Lamlungu. Basi yochokera ku Perugia, likulu la Umbria, ndiyo yosavuta, imayenda ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono.

Chikondwererocho musachiphonye. Chimatchedwa Festa dei Ceri, cholemekeza Ubaldo Woyera, bishopu wa tauniyi amene anamwalira pa 16 Meyi 1160. Pamakhala zipilala zitatu zamatabwa, chilichonse cholemera makilogalamu oposa 250, pamwamba pake pali chiboliboli cha woyera. Onyamula cha Sant'Ubaldo (ndiye Ubaldo Woyera) amavala malaya achikasu, a San Giorgio abuluu, a Sant'Antonio akuda. Dzuwa likayandikira paliwombo amaimika zipilalazo pa Piazza Grande, bwalo lalikulu la tauniyi, ndipo pamene aponya mitsuko yadothi anthu amalimbirana mapale ake. Liwiro lenileni limayamba 6 koloko madzulo: amazisenza pamapewa, n'kumalandirana akuthamanga, kudutsa m'tauni mpaka kukwera phiri la Ingino kumene kuli tchalitchi cha Ubaldo Woyera.

Sapitirirana ayi. Sant'Ubaldo amatsogola chaka chilichonse. Chimene amalimbirana n'chakuti chipilala chisagwe, ndiponso kuti achikasu atseke chitseko cha bwalo la tchalitchi abuluu asanalowe.

Ngozi ili m'timisewu topapatiza. Onyamula sangaime, chifukwa katunduyo ndiye amawakankha, makamaka potsetsereka. Mukamva phokoso likuyandikira, tsamirani khoma kapena lowani pakhomo, osaima pokhotera, ndipo valani nsapato zotseka. Malo ogona sungitsani miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Ngati muli ndi ana, pa 2 Juni pali mwambo womwewu wa tizipilala ta ana, wopanda kuphinjana kotere.

Mwalimu Phiri: Ndiwonjezere pa mawu a bambo Chimbalanga: gonani masiku awiri, chifukwa pa 15 simudzaona china koma anthu. Tsiku linalo lowani mu Palazzo dei Consoli, nyumba yamiyala imene anayamba kumanga mu 1332. Muli zolembedwa zamkuwa zisanu ndi ziwiri zimene zinapezeka mu 1444, zofotokoza nsembe ndi mapemphero m'chinenero chakale cha ku Umbria. Palibe cholembedwa china chachitali chotere cha chinenerochi chimene chinatsala. Bwalo la Piazza Grande lenilenilo ndi lopachikika, lakhazikika pa makoma opindika a pansi pake. Tsikirani mumsewu wa kumunsi muone mmene analichirikizira. Kunsi kwa tauni kuli bwalo la zisudzo la Aroma, ndi bwalo la Piazza Quaranta Martiri, lokumbukira anthu 40 amene asilikali a Germany anawapha pa 22 Juni 1944.

Mukachedwa mpaka Lamlungu lomaliza la Meyi, mudzapeza Palio della Balestra, mpikisano wa mauta ndi anzawo a ku tauni ya Sansepolcro.

Nasibeko: Pa chakudya, itanitsani crescia ndi friccò. Friccò ndi ndiwo ya nkhuku, kalulu kapena nkhosa, yophikidwa pang'onopang'ono ndi adyo, rosemary, vinyo woyera ndi tomato. Crescia ndi buledi wophwatalala wosusira msuziwo, ndipo mutha kumuphika kwanu: ufa wa tirigu magalamu 500, madzi ofunda pafupifupi mamililita 300, mchere ndi theka la kasupuni ka soda. Kandani, siyani theka la ola, tambasulani kukhuthala ngati chala, boolani ndi foloko kuti asatupe mbali imodzi. Chiwaya chikatentha kwambiri amapserera kunja m'kati ali wamuwisi. Yesani powaza kaufa: kafiire pang'onopang'ono, kasade nthawi yomweyo.

Tartufo woyera, bowa wa pansi pa nthaka amene Gubbio imatchuka naye, nyengo yake ndi Okutobala mpaka Disembala. Mu Meyi musalipire mtengo wa watsopano. Dziwaninso kuti makhitchini amatseka cha m'ma 2:30 masana mpaka 7:30 madzulo.

Kuphiri kwerani Funivia Colle Eletto, timadengu tachitsulo ta anthu awiri oimirira, mphindi zisanu ndi imodzi. Sitiima pokweza anthu: mumaima pa chizindikiro chimene akulozerani n'kulumphiramo kadengu kakuyenda, choncho manja akhale opanda katundu. Pobwerera tsikani wapansi.

Malo amene ambiri amawadutsa osadziwa ndi Gola del Bottaccione, chigwa cha pa msewu wa ku Scheggia, makilomita awiri kuchokera m'tauni. M'thanthwe la m'mbali mwa msewu muli kamzere ka dongo, kokhuthala sentimita imodzi, ka zaka 66 miliyoni zapitazo. Katswiri wa za miyala Walter Alvarez ndi anzake anapezamo iridium wochuluka modabwitsa (chitsulo chosowa pa dziko pano koma chopezeka kwambiri m'miyala yochokera kumwamba), ndipo mu 1980 anafalitsa mfundo yakuti chimwala chochokera kumwamba ndicho chinatha madayinoso. Msewuwo ndi wopapatiza ndipo magalimoto amathamanga, yendani moyang'anizana nawo.

Nabanda: Zikomo kwambiri nonse. Ndisungitsa malo kuyambira pa 14 mpaka pa 16. Kodi pa 14 madzulo pamakhala kalikonse?

Chimbalanga: Eya mayi. Belu lalikulu la pa Palazzo dei Consoli limalizidwa, ndipo anthu amadya baccalà, nsomba yamchere yophikidwa monga amaphikira onyamula zipilala. Fikani kusanade, chifukwa misewu ya m'kati imatsekedwa kwa magalimoto.